Chitsulo cha mkamwa: zomwe ndafufuza za ma implant ndisanatulutse ndalama

Kuno kwathu dzino likavuta mankhwala ake ndi amodzi basi, kuzula. Umapita ku chipatala m'mamawa utagwira tsaya, pobwerako uli ndi thonje mkamwa, ululu watha, nkhani yathera pompo. Za mpata watsalawo palibe amafunsa bola nsima ikulowa. Langa linazulidwa kalekale, lakumbuyo chakumanzere m'munsimu, ndipo poti silioneka ndikaseka sindinkalabadira. Koma chaka chino ndaona kuti dzino loyandikana nalo layamba kupendekera ku mpata kuja, lapamwamba nalo likukhala ngati latsikirako, nde nyama ikangolowa pamenepo mpaka ndisake kamtengo. Adokotala a mano atandijambula X-ray anatembenuza kompyuta nkundilozera ndi cholembera, "Bambo, mukuona apa? Fupa lanu laphwa." Kunena zoona ine ndimangoona zotuwa ndi zakuda koma atandionetsa mbali inayo yomwe mano ali onse ndinaona kusiyana, mbali ya mpata fupa lachita kulowa pansi. Akuti fupa la nsagwada limafuna muzu wa dzino kuti lizigwira ntchito, muzu ukachoka nalo limayamba kuchepa, makamaka chaka choyamba.

Njira anandipatsa zitatu. Mano oikirira ovula aja, omwe agogo ambiri amaviika mu kapu usiku, amenewo ndiye otchipa. Bridge, pomwe amapala mano awiri a m'mbali kuti akoleke lonamizira pakati, ine apa ndinakana msanga chifukwa manowo ndi abwinobwino, ndiwapalitsirenji. Yachitatu ndiye implant, ndipo ndiyomwe yandidyera ma bundle masabata apitawa.

Kwa amene simunaionepo, implant si dzino lonse ayi. Ili ndi zigawo zitatu. Pali kabawuti kakang'ono ka mazinga komwe amaboola fupa nkukamangamo, ali atakubayani jakisoni wa dzanzi. Kenako pali kachidutswa kolumikizira komwe amati abutment, kamatulukira pa nkhama. Pamwamba pake mpomwe pamabwera crown, dzino looneka lija. Nde munthu akamati "implant yanga ndi ya titanium" nthawi zambiri akunena kabawuti kokha, za zigawo zina ziwirizo sanafunse nkomwe. Gwirani pamenepa, ndibwererapo.

Zopangira kabawuti kameneka zilipo ziwiri, chitsulo cha titanium ndi zirconia. Titanium ndi amene wakhalitsa. Dokotala wina wa ku Sweden, Per-Ingvar Brånemark, mu 1952 ankafufuza za kayendedwe ka magazi m'mafupa a akalulu, anaika tizipangizo ta titanium m'mwendo mwa kalulu, pofuna kuti achotse anapeza kuti fupa lagwirana ndi chitsulo sizikutheka kulekanitsa. Munthu woyamba anamuika mu 1965 ku Gothenburg, ndipo bambo ameneyo anakhala nawo mano akewo mpaka kumwalira mu 2006. Chinsinsi chake nchoti titanium akangokhudzana ndi mpweya amapanga kakhungu kopyapyala pamwamba, kameneko kamaletsa dzimbiri komanso thupi silimuona ngati mdani, fupa limangomera momukuta. Zimatenga miyezi 3 mpaka 6 kuti zigwirane bwino, nsagwada ya m'munsi imafulumirako chifukwa fupa lake ndi lolimba kuposa la m'mwamba.

Koma titanium nayenso ali mitundu. Pali Grade 4 yemwe ndi titanium yekhayekha, ndiye pali Grade 5 wosakaniza, muli aluminium 6 peresenti ndi vanadium 4 peresenti kuti alimbe kwambiri. Onse awiri amagwiritsidwa ntchito m'thupi la munthu, olo zitsulo zomwe amaika anthu othyoka pa ngozi zina ndi zomwezi. Ndipo amene mumaopa kuti mukadzafuna MRI, kujambula m'thupi kogwiritsa ntchito maginito amphamvu kuja, makina adzakukokani nsagwada, ayi, titanium sakokedwa ndi maginito, mumangowauza kuti muli naye basi.

Winayo ndi zirconia. Uyu ndi woyera ngati dzino, ali m'gulu la ceramic, zinthu zoumba nkuwotcha ngati makapu osweka aja, ndipo pa intaneti amamugulitsa heavy ndi mawu oti "mulibe chitsulo". Ubwino wake weniweni ndauona pawiri. Ngati dzino ndi lakutsogolo ndipo nkhama zanu ndi zopyapyala, titanium nthawi zina amaonekera, pamachita kamthunzi kotuwa m'mphepete, pomwe zirconia saonekera. Chachiwiri ndi kwa anthu ochepa kwambiri amene thupi lawo limadana ndi titanium. Kuipa kwake, ndi wolimba inde koma sapindika, akapanikizika kwambiri amatha kusweka, ndipo implant ikaswekera m'fupa kuichotsa kwake ndi opaleshoni ina. Ambiri a zirconia amabwera kabawuti ndi abutment zili chinthu chimodzi, nde adokotala akangoika mopendekera pang'ono palibe kokonzera. Komanso wabwera posachedwa poyerekeza ndi titanium, anthu oti akhala naye zaka 30 kapena 40 kuti tione mathero ake kulibe. Ine dzino langa ndi lotafunira, ndipo madam amadandaula kuti ndimakukuta mano usiku, nde zirconia ndinamuchotsa pa list pompo.

Tsopano nkhani ya allergy, apa mpomwe ndikuona kuti anthu timaopa polakwika. Achemwali anga akavala ndolo zotchipa za mu Limbe makutu amatupa, kuyabwa, mpaka kutuluka timadzi. Wotchi ya chitsulo chimodzimodzi, imasiya chizindikiro pamkono. Atamva kuti ndikufuna implant anati "achimwene, zitsulo sizigwirizana ndi magazi a kwathu, musayerekeze." Koma chimene chimawatupitsa iwo nthawi zambiri ndi nickel, osati titanium. Nickel ndi amene amavutitsa anthu ambiri, makamaka azimayi chifukwa cha ndolo. Ndipo nickel mkamwa salowera pa kabawuti, amalowera pa crown. Ma crown ena otchipirako amakhala ndi chitsulo mkati, kunja nkukutira porcelain, ndipo chitsulo chamkaticho chimatha kukhala cha nickel ndi chromium, kapena cobalt ndi chromium. Nde munthu utha kulimbana ndi adokotala ola lathunthu za titanium, kenako nkuvomera crown ya nickel osadziwa chifukwa anangoti iyi ndiye yotsika mtengo. Ngati ndolo kapena bakolo ya lamba imakutupitsani, nenani tsiku loyamba lomwelo, ndipo funsani kuti crown apangira chani. Ilipo ya zirconia kapena ceramic yokhayokha yomwe amaika pamwamba pa kabawuti ka titanium, anthu ambiri masiku ano akupanga zimenezo, ndipo ndiyomwe ndasankha ine.

Pali china chomwe sindinkachiganizira nkomwe. Fupa likaphwa kwambiri ngati langali, amayamba aonjezera kaye, amati bone graft. Ufa wa fupa umenewo utha kuchokera m'thupi mwanu momwemo, utha kukhala wopanga ku fakitale, koma wotchuka kwambiri ndi wochokera ku ng'ombe, Bio-Oss ndi chitsanzo. Pamwamba amaphimba ndi kansalu ka collagen, ndipo kambiri kamachokera ku nkhumba. Amazitsuka ndi kuzikonza mpaka kutsala zoyera zokhazokha, pa umoyo palibe choopsa, koma mu Blantyre muno tili ndi abale athu achisilamu ambiri, a Seventh Day nawonso, ndipo ndikuona kuti munthu ayenera kuuzidwa asanagone pampando paja, asankhe yekha. Zina zosachokera ku nyama zilipo. Musachite manyazi kufunsa, ndalama ndi zanu, pakamwa ndi panu.

Komabe nditawerenga zonsezi ndafika poona kuti mkangano wa titanium ndi zirconia ndi waung'ono. Implant zambiri zikamakanika vuto silikhala chitsulo, limakhala thupi lomwe chalowamo. Amalume anga ali ndi shuga, mankhwala amamwa akakumbukira, fodya ndiye sasiya, koma atamva nkhani yanga akuti nawo akufuna awaike anayi akutsogolo ukwati wa mwana wawo usanafike. Ndinawauza kuti amalume, olo mutagula implant yodula bwanji ya ku Switzerland, shuga akakhala wokwera chilonda chimachedwa kupola ndipo matenda amalowa msanga, fodya naye amachepetsa magazi ofika ku nkhama, fupa siligwira bwino. Anangoti "iwe wayamba udokotala liti." Shuga wosamalidwa bwino si choletsa ayi, anthu amaikidwa bwinobwino, koma adokotala abwino amayamba ayeza kaye HbA1c, kuyeza koonetsa mmene shuga wayendera miyezi itatu yapitayo, osati wa tsiku limodzi yemwe munthu utha kunamiza posala kudya.

Amene ali pa ma ARV, akumwa mokhulupirika ndipo viral load ili pansi, nawonso implant imatheka, chofunika ndi kungowauza adokotala zoona. Oyenera kusamala kwambiri ndi omwe akumwa kapena kubayidwa mankhwala olimbitsa mafupa a gulu la bisphosphonate monga alendronate, komanso omwe anawotchedwapo khansa ya m'mutu kapena m'khosi ndi radiotherapy, chifukwa kwa iwowa fupa la nsagwada likabooledwa nthawi zina limakana kupola. Mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ngati warfarin nawo atchuleni, koma musasiye kumwa panokha. Ana ayi, amadikira nsagwada imalize kukula, cha m'ma 18 kupita m'mwamba, nde mwana akagulula dzino pa njinga kapena pa mpira amayamba ndi loikirira kaye. Ndipo ngati nkhama zanu zimatuluka magazi mukamatsuka, mano ena akugwedera, yambani mwachiza zimenezo. Tizilombo tomwe tagwetsa dzino lanu lenileni tidzadyanso fupa lozungulira implant. Implant siibooka ngati dzino, zoona, koma nkhama yozungulira imatupa, mafinya, fupa nkumatha pang'onopang'ono osamva ululu, amati peri-implantitis. Mswachi kawiri patsiku ndi kaulusi kotsukira pakati pa mano sizitha, zimachita kuonjezekera.

Tsono ili ndi la ife a kuno makamaka. Madokotala a mano m'Malawi muno ndi ochepa, sukulu yophunzitsa digiri ya udokotala wa mano inangoyamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ndi KUHeS, mothandizana ndi University of Glasgow. Nde ambiri ofuna implant amalowera ku private, ena amapezerapo mwayi akapita ku India, ku Joni kapena ku Dar. Palibe cholakwika, koma implant zili ngati magalimoto, ukagula Toyota sipeya umaipeza pa Ndirande pomwepa, ukagula yachilendo kagiya kakang'ono kakupangitsa kuimika galimoto chaka. Kampani iliyonse, kaya Straumann, Nobel Biocare, Osstem ya ku Korea, ili ndi timabawuti take ndi tizida take tomasulira. Kasikuluwu kogwira crown kakakhwefuka patapita zaka, zomwe zimachitika ndithu, adokotala a mu Blantyre ayenera kudziwa kuti ndi mtundu wanji kuti akamange. Ngati munaikidwa yopanda dzina kunja uko, muzayenda chipatala ndi chipatala dzino likugwedera, ndipo ndi mmene forex ikuvutiramu kuitanitsa kachida kamodzi si masewera.

Nde kulikonse mukaikitse, musachoke opanda kakhadi kapena sitika yolemba dzina la kampani, saizi ya implant ndi lot number, nambala ya gulu lomwe inapangidwira ku fakitale. Ijambuleni pafoni, itumizeni ku imelo yanu. Adokotala akamazemba kukuuzani dzina la implant yomwe akufuna kukuikani, ine ndiye ndingadzuke pampandopo. Funsaninso ngati ali olembetsedwa ku Medical Council of Malawi, komanso ngati mtengo omwe akutchulawo ndi wa zonse zitatu kapena kabawuti kokha, chifukwa ena amatchula theka, crown mudzamva pambuyo miyezi itadutsa kale chitsulo chili m'fupa simungabwerere. Oyenda kunja kumbukirani kuti nthawi zambiri ndi maulendo awiri, woika ndi wodzamaliza, tikiti muiwerengere kawiri. Za medical scheme funsani nokha ku ofesi kwawo musanayambe, ndipo akuyankheni polemba.

Kwa ine ndatsamira ku titanium wa kampani yodziwika yomwe adokotala angawo ali ndi zida zake mu kabati, crown ya ceramic, ndi kapulasitiki kovala usiku chifukwa cha kukukuta kuja. Chatsala ndi kujambulanso kwina koonetsa kukhuthala kwa fupa ndi pomwe padutsa mtsempha wa m'nsagwada ya m'munsi, poti akauboola mlomo umatha kuchita dzanzi kwa nthawi yaitali. Akapeza kuti fupa ndi lochepa ndiye kuti tiyamba ndi ufa wa ng'ombe uja, kudikira miyezi ingapo, kenako kabawuti, kudikiranso. Adokotala anandiuziratu kuti zikadzatheka, kutsegula botolo ndi mano komanso kusenda nzimbe ndi mbali imeneyo ndiiwale. Za botolo ndavomera, za nzimbe tikadakambirana.