Zikomo nonse, digiri yachiwiri ija yatheka

Abale ndi alongo a kuno ku Chipata, aphunzitsi avomereza kafukufuku wanga, ndiye ndati ndithokoze pagulu.

Amayi, ndiyambe ndi inu. Laputopu imene ndagwiritsa ntchito inachokera mu ndalama za mtedza wa pamsika wa Kapata, zija munkamanga pakona ya chitenje. Simunafunsepo kuti mwana wophunzira za mankhwala bwanji sagwira jakisoni. Amalume ndiwo ankafunsa nthawi zonse, choncho amalume, yankho lanu nali.

Matenda akalowa m'thupi, majini ena (ndiwo malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo) amagwira ntchito mopyola muyeso, ena amazilala. Mankhwala nawonso amasintha majini mwanjira yawoyawo. Mu 2006 akatswiri a ku Broad Institute ku America anatsegula nkhokwe ya pakompyuta yotchedwa Connectivity Map, yosunga mmene maselo amasinthira akathiridwa mankhwala osiyanasiyana, ndipo pofika 2017 munali zotsatira zoposa 1 miliyoni. Ine ndinkafufuza mmenemo mankhwala akale amene amatsitsa zomwe matenda ogwira anthu ochepa akweza, n'kukweza zomwe atsitsa.

Bwanji akale? Matenda ogwira anthu ochepa makampani sawathamangira, ogula ndi ochepa. Pomwe mankhwala akale tikuwadziwa kale mlingo wake ndi zovuta zake, ndipo ena amadabwitsa. Sirolimus anavomerezedwa ku America mu 1999 kwa anthu oikidwa impso, koma mu 2015 anavomerezedwanso pa matenda osowa a m'mapapo otchedwa LAM, ogwira makamaka akazi.

Aneba athu a sola, Mulungu akudalitseni. Mu 2024, madzi atachepa ku Kariba magetsi n'kumasowa tsiku lonse, munkandisiyira soketi kuseri kwa filiji yanu, foni zanu zikudikira. Amayi a chigwirizano, zikomo chifukwa cha mapemphero ndi ya basi ya ku Lusaka. Mng'ono wanga, madzi onse unatunga m'malo mwanga ndikuwakumbukira.

Kwa makolo amene mwandilembera za ana anu odwala, mtima wanga uli nanu, koma dzina la mankhwala sindingakupatseni. Kompyuta imangoloza koyambira. Pamafunikabe kuyesa mu labu, kenako pa anthu moyang'aniridwa ndi madokotala, ndipo ambiri ooneka bwino pakompyuta amagwera panjira. Chonde pitirizani kuchipatala.

Loweruka masana tidzakhala kunyumba kwa amayi. Kuli nkhuku ya lokolo ndi thobwa, bwerani ndi mipando yanu.