Tayala la sipeya, sikelo ya nandolo ndi magalamu 60

Semesita ino pa fizikisi tikupanga za magasi, ndipo PV = nRT, fomula yolumikiza pulesha, malo amene gasi watenga, kuchuluka kwake ndi kutentha kwake, ndinaloweza kalekale koma kunena zoona inali ya pa pepala basi, mumtima isanakhazikike. Loweruka lapitali ndinali kwa amalume ku Chinamwali, akutulutsa sipeya mu buti ya Corolla yawo, ndiye anangondifunsa kuti "iwe wa ku Chanco, tayala lopopa ndi lophwa lolemera ndi liti?" Iwo amati lopopa limapepuka, poti ana akamasambira ndi chubu chopopa chimayandama. Ine ndinati lopopa ndiye lolemera, koma atati ndi zingati ndinangoti kakasi.

Ndinakhala pa khonde ndi foni kuwerengetsa. Mpweya wa lita imodzi pa pulesha ya 1 bar umalemera pafupifupi magalamu 1.2, ndipo nditayeza tayalalo ndi tepi ndinapeza kuti mkati mungalowe malita ngati 25. Amalume amapopa 2.2 bar, ija ena amati 32 PSI, koma geji imangoonetsa pulesha yoposa ya kunja, ndiye ndinaonjezera 0.9 bar ya pulesha ya kunja kuno ku Zomba, yosakwana 1 poti tili pokwera mamita pafupifupi 900, kukhala 3.1. Kuchulukitsa zonse ndinapeza magalamu 93.

Tinabwereka sikelo ya digito yolendewera kwa mayi oyandikana nawo amene amagula nandolo, ija imasintha pa magalamu 10 aliwonse. Tinaimangirira pa nthambi ya mango, amalume anamasula kachitsulo ka mkati mwa valavu mpweya nkutuluka mpaka phokoso linatha, tinakoleka tayala ndi chingwe nkudikira lisiye kugwedezeka, nanga kamphepo kochoka ku phiri kamalizunguza manambala nkumadumphadumpha. Inaima pa 14.21 kg. Tinapopa ndi pampu ya phazi mosinthana, thukuta kamukamu, mpaka 2.2, kukolekanso: 14.27.

Magalamu 60 okha. Tinabwereza kawiri, chimodzimodzi. Zinandipweteka mutu ndithu chifukwa 93 ndi 60 ndi zotalikirana kwambiri kuti ndiziti vuto ndi sikelo.

Yankho linabwera nditagwira tayala lija lili lophwa. Silinafwaphe, linali lozungulira bwinobwino pa limu pake, kutanthauza kuti mkati munali mudakali malita 25 a mpweya wa pulesha yofanana ndi ya kunja, magalamu ngati 27 amene ine ndinawawerengera ngati tachita kuwapopa. Tayala lophwa si lopanda kanthu ayi. Ukachotsa 27 pa 93 ukutsala ndi 66, pafupi kwambiri ndi zomwe sikelo inanena, poganizira kuti malita aja ndinachita kuyerekeza. Ndiye chofunika ndi nambala ya pa geji basi: 25 kuchulukitsa 1.2 kuchulukitsa 2.2.

Komanso pali china chomwe chinandisangalatsa koposa. Magalamu 27 ajawo sikelo siingawaone nkomwe, chifukwa mpweya wa kunja umanyamula chinthu mmwamba ndi mphamvu yofanana ndi kulemera kwa mpweya umene chinthucho chaukankha, lamulo la Archimedes lomwe lija tinkaliphunzira ndi madzi ku sekondale. Tenga jumbo, uyeze yopinda kenako uyeze itakuta mpweya osaifinya, sikelo inena chimodzimodzi. Mpweya umayamba kuoneka pa sikelo pokhapokha waupanikiza, ndipo katswiri wa sayansi Galileo anachita zomwezi zaka za m'ma 1600, kupopera mpweya mu botolo nkuliyeza.

Za chubu zija amalume ndinawafotokozera kuti chimayandama chifukwa chatupa nkukankha madzi ambiri, osati chapepuka. Anagwedeza mutu, kenako akuti "ndiye thukuta lonseli taonjezera dzira limodzi?" Eya, dzira limodzi la nkhuku, pa tayala la makilo 14.

Tsopano ndawapempha kuti tsiku lomwe apeze hayala yokwera ku Ku Chawe, pa phiri la Zomba, anditenge ndi geji yomweyo. Kumtunda kwa phiri pulesha ya kunja ndi yotsika, ndiye geji iyenera kukwerako pang'ono ngakhale mpweya mkati uli womwewo, koma kuzizira kwa kumeneko kudzaibweza pansi, ndipo ndikufuna ndione ndekha kuti chopambana ndi chiti. Avomera, bola ndidzawathandize kutsuka galimoto tikatsika.