Zitsekerero 30 za mabotolo zandimasulira nkhani ya mitala

Funso lachinayi pa pepala loyeserera mayeso lakhala likundiyang'ana kwa masabata atatu. Limati tifotokoze chifukwa chimene mitundu yambiri ya anthu imalolera mitala pomwe maukwati ambiri padziko ndi a mwamuna mmodzi ndi mkazi mmodzi. Ndinaliyamba kanayi, kanayi konse n'kung'amba pepala. Lachiwiri usiku ndi pomwe zinandilowa, ndipo mtima wangoti myaa mpaka lero. Ndati ndilembe zikadali zotentha.

Za Bateman ndi ntchentche zake za mu 1948, zimene zinaonetsa kuti yamphongo ikachulukitsa zazikazi imachulukitsa ana pomwe yaikazi sitero, sindibwereza, nonse munaziloweza ngati nyimbo. Za Trivers ndi nkhani yake ya mu 1972 chimodzimodzi: amene amataya zambiri pa mwana ndiye amasankha mosamala, winayo n'kumapikisana ndi anzake. Izi ndinkazidziwa, ndipo n'zimene zinandisokeretsa, chifukwa ndinkayesa kuti nkhani yathera pomwepo. Mwamuna akachulukitsa akazi amachulukitsa ana, mkazi akachulukitsa amuna mimba imakhalabe ya miyezi 9, basi mitala. Ukaponyapo Moulay Ismail, mfumu yakale ya ku Morocco, amene amati anabereka ana oposa 800, yankho limaoneka ngati lakhuta. Theka lachiwiri la funso ndi limene limakusiya pa mtetete.

Manambala a Murdock, katswiri wa zikhalidwe za anthu, nawo amakupatsa mphamvu zabodza. Mu Ethnographic Atlas, kaundula wake wa mitundu ya anthu, mwa mitundu 1,231, ya mkazi mmodzi yokhayokha ndi 186 basi. Mitundu 453 imachita mitala mwa apo ndi apo, mu 588 mitala ndi yofala, ndipo 4 ndi kumene mkazi mmodzi amakwatiwa ndi amuna angapo. Ukangoona choncho umati, eya, munthu ndi wamitala chibadwire. Koma Murdock ankawerenga mitundu, osati maukwati. Kagulu kakang'ono ka alenje ndi mtundu wa anthu mamiliyoni, aliyense mzere wake umodzi. A bungwe la kafukufuku la Pew atawerenga anthu enieni mu lipoti la 2019, anapeza kuti pafupifupi 2 okha pa 100 alionse padziko amakhala m'mabanja a mitala. Ngakhale kumene mitala ili yololedwa, amuna ambiri amakhala ndi mkazi mmodzi.

Ndinathawira ku thupi, poganiza kuti mafupa sanama. Gorila wamphongo amalemera pafupifupi kawiri kuposa wamkazi, ndipo amasunga akazi angapo. A gibbon, anyani a ku Asia amene amakhala awiriawiri, wamphongo ndi wamkazi msinkhu wake ndi umodzi. Ife tili pakati, kupendekera kwa a gibbon. Machende nawo nkhani ndi yomweyo: a chimpanzi ndi aakulu chifukwa wamkazi amagonana ndi amphongo ambiri ndipo mpikisano umachitikira mu umuna, a gorila ndi aang'ono, athu ali pakatikati. Thupi limayankha mwachibwibwi, pang'ono uku pang'ono uko, ndipo yankho lotere silibweretsa malikisi.

Chimene chinanditsegula m'maso ndi galafu ya Gordon Orians ya mu 1969, ija ya mizere iwiri yokhota. Iye ankaphunzira mbalame zakuda za m'madambo a ku North America, zimene yamphongo imodzi imatha kukhala ndi zisa zingapo m'dera lake pomwe inzake ilibe ngakhale chimodzi. Galafuyi ndinaiona m'kalasi, ndinaiona m'buku, ndinaikopera m'kope ndi inki yofiira, koma mutu unali gwa. Ndinkatha kuijambula osayang'ana, osadziwa chimene ndikujambula.

Lachiwiri lija ndinatopa ndi kuwerenga, ndinakhuthula chitini cha zitsekerero za mabotolo pa tebulo, n'kuziunjika milu iwiri: 24 kumanzere, 6 kumanja. Mulu uliwonse ndi mwamuna ndi zimene ali nazo. Akazi ndinatenga timitengo ta machesi. Kamtengo koyamba kanapita ku 24, palibe chofunsa. Kachiwiri kanapeza kumanzere kuli kale mnzake, ndiye agawana 12 aliyense, pomwe kumanja kadya kokha koma 6. Kanapitabe kumanzere. Kachitatu, 8 kumanzere, 6 kumanja. Kumanzerebe. Kachinayi, 6 uku, 6 uko. Dzanja langa linaima m'malere, kamtengo kali pakati pa zala, osadziwa koti ndikaike. Malo amene dzanja linaimawo, pamene mkazi amapeza zofanana kaya apita kwa wolemera wokwatira kale kaya kwa wosauka wopanda mkazi, ndi amene galafu ya Orians imaonetsa, ndipo mabuku amawatcha polygyny threshold. Masabata atatu a mutu wowawa, kumeneku kunali kuima kwa dzanja basi.

Koma chimene chinandidzidzimutsa kwenikweni n'chakuti pa masewera onsewa mwamuna sindinamufunse kanthu. Amuna awiriwo amafuna zofanana, chilakolako chawo sichinasinthe ngakhale pang'ono. Ndinasakaniza zitsekerero n'kuzigawanso 15 ndi 15. Kamtengo koyamba kumanzere, kachiwiri kanalunjika kumanja kosacheuka. Mitala yatha yokha pa tebulo langa, popanda lamulo, popanda ulaliki, amuna ake omwewo. Nthawi yonseyi ndimafunsa kuti munthu ndi wotani chibadwire. Funso loyenera linali lakuti: chimene mwana amafunikira kuti akule, chikagawidwa chimatsala chochuluka bwanji?

Funso limeneli ndakhala ndikuliyesa pa chilichonse chimene chili m'kope, ndipo likungotsegula zitseko. Chifukwa chiyani mitundu ya mbalame pafupifupi 90 pa 100 imakhala iwiriiwiri, pomwe nyama zoyamwitsa ndi 9 zokha pa 100, malinga ndi mmene Lukas ndi Clutton-Brock anawerengera mu 2013? Mwanapiye amadya zobwera pa mlomo, ndipo mlomo wa bambo ndi umodzi. Ukaugawa zisa ziwiri, zonse zigona ndi njala. Kwa nyama zoyamwitsa mkaka uli kwa mayi, bambo akachoka mkaka suchepa. Ife ndife nyama zoyamwitsa zokhala ndi vuto la mbalame: mwana wathu amatha zaka zambirimbiri akudya zimene sanazipeze yekha. N'chifukwa chake pakati pa anthu okhalira kusaka ndi kutola, amene sakundika chuma, mitala imakhalapo koma yochepa. Chuma cha mlenje ndi miyendo yake ndi maola a tsiku, ndipo zimenezi sizigawika bwino.

Chitsanzo chimene chinandisangalatsa kwambiri ndi cha a Kipsigis a ku Kenya. Monique Borgerhoff Mulder anatsata kagulu ka amuna amene anakakhala malo atsopano pakati pa 1930 ndi 1949, n'kuona kuti ndani ankakwatira liti. Zimene anafalitsa mu 1990 zinaonetsa kuti chokoka akazi ndi makolo awo sichinali kukula kwa munda wonse wa mwamuna, koma maekala amene mkazi watsopano angakhale nawo munda ukagawidwa ndi akazi anzake. Zina zonse zikafanana, ankakonda mbeta yaimuna kuposa wokwatira kale. Ndinawerenga ndimeyi kawiri ndikuseka ndekha, chifukwa ndi zitsekerero zanga zenizeni, kungoti zawo zinali maekala.

Kenako Boserup mu 1970 ndi Jack Goody mu 1976, amene poyamba ndinkawaona ngati a phunziro lina. Mfundo yawo ndi iyi: kumene malo ali ambiri, ulimi uli wa khasu ndipo chosowa ndi manja ogwira ntchito, mkazi aliyense wobwera amakulitsa munda. Pa tebulo langa ndi ngati kamtengo kalikonse kabwera ndi zitsekerero zake m'thumba. Mulu suchepa, umakula, ndiye mitala ilekerenji? Ziwetonso zimaswana. Koma kumene malo ali ochepa ndipo ulimi uli wa pulawo, monga m'madera ambiri a Europe ndi Asia, munda suswana. Ukaugawira ana a akazi atatu, aliyense atsala ndi kachidutswa kosadyetsa banja, ndipo dzina la banja litsika nalo. Laura Fortunato ndi Marco Archetti mu 2010 anaika mfundoyi m'masamu: chuma chikakhala choti chimafooka pochigawa, ngakhale mwamuna wolemera amapindula posiyira cholowa ana a mkazi mmodzi.

Ukakankha mfundo yomweyi mpaka kumapeto umafika ku mapiri a Himalaya. Melvyn Goldstein anakhala pakati pa anthu olankhula Chitibeti ku Limi, kumpoto chakumadzulo kwa Nepal, kumene abale aamuna amakwatira mkazi mmodzi. Kale ndinkaika zimenezi m'gulu la zodabwitsa zongotchula pomaliza yankho. Si zodabwitsa. Munda wa m'phiri ndi waung'ono moti ngakhale kuugawa pawiri n'kuupha, ndiye abale amaunjika milu yawo pamodzi kuzungulira kamtengo kamodzi. Kuipa kwake kulipo: pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu a msinkhu wobereka ku Limi anali wosakwatiwa. Mitala, mkazi mmodzi, amuna angapo, zonse zitatu zikutuluka m'chitini chimodzi cha zitsekerero.

Ndinene mosabisa, ndayamba kukhulupirira kuti chilichonse chimene sungachiike pa tebulo ndi kuchisuntha ndi zala sunachimvetse. Manotsi amitundumitundu, makadi oloweza, mavidiyo a pa YouTube oonera pa liwiro lawiri, zonsezo zimakupatsa mawu. Zitsekerero zimakukakamiza kusankha, ndipo ukalakwitsa dzanja limadziwa mutu usanadziwe. Mnzanga wina wa m'gulu lathu lowerengera anandiseka, akuti ndabwerera ku mkaka. Asekeni. Ndikuganiza zoyesanso njirayi pa lamulo la Hamilton, lofotokoza chifukwa chimene zamoyo zimathandizira abale awo, ndipo ndikukayika ngati pali mutu m'kosi yonseyi umene ungakane.

Chimene chimandiwawa n'chakuti zimenezi zikanatheka m'kalasi pa mphindi 10. Aphunzitsi athu nkhaniyi amaidziwa, zimenezo sindikutsutsa. Koma amathamanga ngati pali amene akuwapirikitsa, silaidi ina isanakhazikike ina yabwera kale. Galafu ya Orians anaionetsa, n'kunena kuti "iyi ndi yosavuta, mukaiona nokha," n'kudutsa. Mawu akuti "yosavuta" amenewa ndi amene amatseka pakamwa, chifukwa ndani akweze dzanja kuti anzake onse adziwe kuti yosavutayo yamukanika? Nditawatsatira pakhomo anandiuza kuti ndikawerenge pepala la Emlen ndi Oring la 1977. Ndinaliwerenga. Ndi labwino kwa munthu amene wamvetsa kale. Komanso mwina si iwo okha: semesita yapanikizidwa, mitu ya miyezi inayi tikuimeza m'masabata ochepa, ndipo masabata atatu amene ndinataya pa funso limodzili ndi ngongole imene ndikabweza ku phunziro la majini. Ayi, zisiyeni.

Dzulo chimwemwe chinayamba kuphwa, chifukwa ndinafika pamene zitsekerero zikukana. Agiriki ndi Aroma akale lamulo lawo linali la mkazi mmodzi, koma amuna olemera ankagona ndi akapolo ndi adzakazi. Ndiye tikuwerenga chiyani, amene wakwatiwa kapena amene wabereka? Ukwati ndi kugonana ndi zinthu ziwiri, ndipo mbalame zomwe zija zokhala ziwiriziwiri, atayamba kuyeza DNA, zinapezeka kuti m'zisa zambiri muli anapiye a bambo wina. Komanso m'mayiko ambiri ukwati wa mkazi mmodzi sunabwere chifukwa minda yachepa, unabwera ndi cholembera: Turkey mu 1926, India kwa Ahindu mu 1955, Tunisia mu 1956. Henrich, Boyd ndi Richerson mu 2012 anati lamuloli linafalikira chifukwa limachepetsa amuna osowa akazi, ndipo magulu okhala ndi anyamata ochepa oterewa amakhala ndi chiwawa chochepa n'kumapambana anzawo. Masamu ake ndi osavuta: amuna 100 ndi akazi 100, olemera 10 akatenga atatu aliyense, pansi patsala amuna 20 opanda munthu. Koma apa wosankha si kamtengo ka machesi ayi, ndi gulu lonse, ndipo sindinapeze pokhazika gulu pa tebulo.

Palinso chimene Cody Ross ndi anzake anaonetsa mu 2018: m'magulu a ulimi amene kusiyana kwa chuma kuli kwakukulu kwambiri, mitala imachepa m'malo mochuluka. Pa tebulo langa milu ikasiyana kwambiri timitengo timathamangira mbali imodzi. Ndikuganiza kuti yankho lili poti olemera zedi amakhala ochepa kwambiri moti sangasinthe chiwerengero chonse, komanso poti chuma chawo ndi chija chofooka pogawa, koma ndikamalifotokoza mokweza limamveka ngati ndikupinda chitsulo kuti chilowe m'bokosi.

Ndipo kamtengo ka machesi kalibe bambo wokakamiza, kalibe nsanje, sikamenyedwa. Galafu yonse yaima pa mfundo yoti mkazi amasankha yekha ndipo sataya kanthu. Beverly Strassmann anapeza mu 1997 kuti pakati pa a Dogon a ku Mali ana a m'mabanja a mitala ankamwalira kwambiri kuposa anzawo. David Lawson ndi anzake mu 2015, m'midzi 56 ya kumpoto kwa Tanzania, anapeza kuti ukayerekeza mabanja a m'mudzi umodzi, ana a m'nyumba za mitala zimene bambo amakhalamo sanali otsalira. Onse awiri anayeza mosamala. Kaya ndi malo osiyana chabe, kaya funso langa la kugawa likusowa mwendo wina, sindinathe kulekanitsa.

Funso lachinayi ndalilemba masamba awiri ndi theka, ndipo mpaka pa Limi likuyenda bwino. Ndime ya malamulo ndi chipembedzo ndailemba n'kuifufuta kawiri. Zitsekerero zikadali pa tebulo, ndinazibwezera pa 24 ndi 6, kamtengo kachinayi kali pakati pomwe ndinakasiya.