Chimene chimayendetsa khoswe m'bokosi lachilendo

Ndapuma tsopano, anzanga. Chithunzi chija cha akatswiri a ubongo Lisman ndi Grace cha mu 2005, cha mivi yochokera ku hippocampus, chigawo cha ubongo chothandiza kukumbukira, n'kukathera ku VTA, kumene kuli maselo otulutsa dopamine, chandilowa m'mutu. 

Chinkandizunguza ndi ichi. Khoswe ukamuika m'bokosi limene sanalowemo, dopamine, mankhwala otumiza uthenga mu ubongo, amakwera, iye n'kuyamba kununkhiza m'makona, kuimirira ndi miyendo yakumbuyo, ndevu zili gwedegwede. Koma panjira yochokera ku hippocampus pali malo awiri otulutsa GABA, ndipo GABA ndi mankhwala amene ntchito yake ndi kuletsa maselo a ubongo. Nanga zoletsa ziwiri zingaidzutse bwanji nyama?

Kani woletsa woyambayo akuletsa woletsa mnzake. Maselo ambiri a dopamine mu VTA amakhala atapanikizidwa ndi ventral pallidum, chigawo china cha ubongo, imene imawathira GABA osapumira. Hippocampus ikaona kuti malowa sakugwirizana ndi zimene inasunga, subiculum, khomo lake lotulukira uthenga, imatumiza glutamate, mankhwala odzutsa maselo, ku chigawo chotchedwa nucleus accumbens, accumbens n'kuthira GABA pa pallidum, pallidum n'kukhala phee. Basi, maselo aja amasuka. Zili ngati wakabaza amene waima pamtsetse wa mlatho wa Bakili Muluzi atafinya buleki: safunika womukankha, angomasula zala njinga iyenda yokha. M'chigawo chimenechi cha chithunzicho wokankha mulibe. Muli wofinya buleki, ndi wina womuchotsa dzanja.

Dopamine ameneyu sathera pa kuyendetsa miyendo ayi. Wina amabwerera ku hippocampus komweko kukalimbitsa LTP, kutanthauza kulumikizana kokhalitsa kwa maselo a ubongo, kuti malowo akumbukike. Ukamubweza khoswe yemweyo m'bokosi lomwelo mawa lake, kuyendayenda kuja kumachepa. Ma place cell, maselo a mu hippocampus odzuka nyama ikafika pamalo ena ake, amene O'Keefe ndi Dostrovsky anawapeza mu 1971, ajambula kale mapu, chodabwitsa palibenso, ndiye pallidum yabwerera pa ntchito yake.

Chandithandiza ndi zolembera ziwiri, chofiira cha GABA ndi chabuluu cha glutamate, ndikujambula kuseri kwa kalendala yakale. Mivi yofiira iwiri ikatsatizana, dziwani kuti wakumapetoyo wamasuka. Ndayesanso pa direct pathway ya basal ganglia, njira ina ya mu ubongo yothandiza kuyendetsa thupi: striatum kuletsa globus pallidus yamkati, thalamus n'kumasuka. Zomwezo ndendende! Ine ndikuti neuro yonse, phunziro la ubongoli, munthu angaimalize ndi zolembera ziwirizi, ndipo amene mukuloweza ndime zam'buku mukungodzivutitsa. Mnzanga wa m'chipinda akuti ndikukokomeza. Mwina, koma kalendala yanga waijambula pafoni.

Chondiwawa n'chakuti zimenezi zikanatha kunenedwa m'kalasi m'mphindi zochepa. Aphunzitsi anangothamangitsa masilaidi masana, kutentha kwa kuno ku Mangochi kutafika poipa, fani ili chiimire, theka la kalasi likuwodzera. Wina atafunsa kuti muvi uwu ndi wodzutsa kapena woletsa, yankho linali lakuti "mukawerenge nokha". Tiwerenge nthawi yanji, m'mawa tili ku wodi, madzulo magetsi kulibe? Locus coeruleus ndi noradrenaline wake, acetylcholine wochokera ku medial septum, mafunde a theta amene amaoneka khoswe akamayenda, zonsezi anazipanikiza pa silaidi imodzi, pomwe mayeso ali pakhomo.

Pali china chimene zolembera zanga zakanika. Calvin Hall, amene mu 1934 anayambitsa open field, njira yoyesera khoswe pomuika m'bwalo lopanda kanthu, ankayeza mantha, ndipo ankachita kuwerenga timanyi timene khoswe wasiya m'bwalomo. Mpaka lero khoswe wachilendo amayenda mokhula makoma, pakati powala amapalambalala. Ndiye akamathamangira uku ndi uku, n'chidwi chofuna kudziwa malo, kapena akusaka pothawira? Pa kalendala yanga zonse ziwiri zikutuluka ndi mivi yofanana, ndipo amygdala, chigawo cha ubongo chokhudzana ndi mantha, ndaijambula pambali, muvi wake sindinaupezere polowera.