Za ng'ona ija, imvani kwa ine mwini wake

Abale inu a kabaza pa Nchalo amene mwayamba kundikuwa kuti "a Ng'ona afika", zakwana, nkhaniyi ndiifotokoze ndekha. Mmene ikuyendera panopa akuti ndinagula ng'ona ku Mozambique ndipo ndikuiweta m'bafa ku koleji. Ku hositelo kwathu madzi osamba enieniwo timachita kulimbirana, ng'onayo ndiisunga pati?

Inali asayimenti basi. Alekichala anati aliyense apeze kankhani kakafupi akakasanthule potsata nzeru za Sigmund Freud, dokotala wa ku Vienna uja ankagoneka odwala pa sofa n'kumawauza kuti ingoyankhulani chilichonse chobwera m'mutu. Mfundo yake inali yoti zimene munthu wazikwirira mumtima sizifa ayi, zimatulukira m'maloto, m'nthabwala, ngakhale lilime likaterereka, ndiye wolemba nkhani nayenso amadziulula osadziwa. Anzanga onse anathamangira nkhani za azungu ku laibulale. Ine ndinati ayi, tikweze zakwathu, n'kutenga kankhani kamene mlongo wanga wa Fomu 3 analemba m'kope. Zoti kanali masamba awiri okha si chifukwa chake, musamvere anthu.

M'kankhanimo mnyamata wina malume ake amugulitsira mbuzi pa msika wa Ngabu osamuuza. Usiku alota malumewo akuwoloka Shire pa bwato, ng'ona khapu, mnyamata n'kudzuka akulira. Basi yathera pomwepo.

Inetu ndinaona golide. Freud amati mwana wamwamuna akadali wamng'ono amalimbirana mayi ake ndi bambo ake, ndipo vutoli analitcha dzina la Oedipus, mfumu ya m'nthano za Agiriki imene inapha bambo ake n'kukwatira mayi ake isakudziwa. Koma kwathu kuno ife a Mang'anja bambo ndi mkamwini, wobwera, mawu ali ndi malume mwini mbumba, ndipo chuma chawo kale chinkagwera mwana wa mlongo wawo. Ndiye pali mkulu wina Malinowski amene anakakhala ku zilumba za Trobriand kufupi ndi New Guinea, kumenenso mtundu amatsata kuchikazi, mu 1927 anatulutsa buku lonena kuti kumeneko chidani cha mnyamata chimalunjika kwa malume osati bambo. Zinangolowana zokha. Loto ndi chikhumbo chobisika chimene chakwaniritsidwa, anatero Freud m'buku lake la maloto la 1900. Ng'ona ndi id, chilombo cha mkati chosadziwa manyazi, kulira kuja ndi superego, chikumbumtima chija, ikumukalipira mwana. Mwachidule, mnyamata akufuna malume afe.

Chimwemwe chake ndinajambula VN yopita kwa mnzanga wa m'kalasi, ya Chichewa chomveka bwino, mawu okweza. Ndinamaliza ndi mawu amene panopa ana a m'mudzi akuwaimba: "Aise, mphwa aliyense ali ndi ng'ona yake imene ikudikirira malume padooko, ngakhale ine ndili nayo, ndipo mbuzi ijatu malume athu anagulitsadi."

Amene anaika gulupu ya banja pamwamba pa WhatsApp yanga tsiku limenelo ndi azakhali a ku Johannesburg ndi zithunzi zawo za maluwa za m'mawa uliwonse. VN ija inakagwera kumeneko. Pamene ndimati ndifufute, n'kuti malume aimvera kale pa sipika ya Bluetooth ali pa bawo ndi anzawo, ena akuti bwezaninso poyamba sitinamve.

Loweruka ndinatsika Thabwa pa minibasi, mwezi wa October, dzuwa la kuno mukulidziwa. Ndinapeza mbumba yonse pansi pa mtengo wa nimu, mikeka yoyala kale, ngakhale anthu amene pa maliro a agogo aamuna sanabwere. Kuno nkhani ya ng'ona yotumidwa si yoseweretsa, aliyense ali ndi m'bale amene anapita kukachapa osabwerako.

Malume anayamba mofatsa.

"Mphwanga, tauza mbumba yonseyi. A Freud akowa amakhala mudzi uti?"

"Anamwalira malume. Ku London, mu 1939."

Zii. Agogo anaomba m'manja kamodzi n'kuyang'ana kumwamba.

"Ndiye munthu anafa ine ndisanabadwe, iweyo umakumana naye bwanji?"

"M'mabuku malume."

"Mwamva? M'mabuku."

Ndinayesa kufotokoza kuti ng'onayo si ya m'madzi, ndi ya m'mutu, kuti id aliyense ali nayo ngakhale abusa. Msuweni wanga wina anafunsa ngati imadya. Ndinati mwanjira ina inde, imadya zilakolako, ndipo pomwepo ndinaona amayi awiri akunyamula ana awo kuwasunthira kumbuyo.

Koma zonsezi n'zochepa. Amayi anga, amene nthawi yonseyi ankangotongola chimanga osadzutsa mutu, anati, "Ine za ng'ona ndilibe nazo mawu. Ndikufuna za mfumu ija mwati inakwatira mayi ake. Mwati mwana wamwamuna aliyense?"

Anthu inu. Amayi anga chibadwire sananditchulepo kuti inu. Ndinaima pakati pa bwalo, thukuta likuyenda mumsana mpaka m'sokosi, ndikufotokozera mayi ondibereka za Oedipus. Ndinati si kukwatira kwenikweni amayi, ndi mwana wa zaka zitatu mpaka zisanu, sadziwa kanthu, zimakwiririka. Anati zimakwiririka kuti. Ndinati mkati. Anati ndiye zilimo. Ndinati zilimo koma zilibe ntchito. Anakoka chitenje kuphimba mpaka zala za kumapazi, kenako ananyamula lichero lawo n'kusuntha pamkeka, osati kwambiri, pang'ono chabe, mwina dzanja limodzi, koma phokoso la mkekawo ndinalimva ngati denga la malata likusasuka. Nkhuku inadutsa pakati pathu, inaima, inandiyang'ana ndi diso limodzi, inatembenuka n'kundiyang'ananso ndi linalo, kenako inapita. Agogo anafunsa ngati mfumuyo inali ya ku Nsanje. Ndinati ya ku Thebes agogo. Anati ayi kumeneko sindikudziwako koma anthu a kumunsi zimenezi angathe.

Munthu yekhayo amene tsikuli linamukomera ndi bambo anga. Anakhala patali monga mkamwini, akusema mpini, ndipo anangofunsa funso limodzi: "Ndiye mwati kwa azungu wophedwa ndi bambo, kuno ndi malume?" Nditavomera anati "Chabwino" n'kupitiriza kusema akuimba kamluzu. Zaka zonse akhala pamudzipa sindinawaonepo akusangalala ndi chikamwini chomwecho.

Ndinaganiza zotseka ndi mawu ofewa. Ndinagwada ndithu. "Malume, ine ndimakukondani, ndipo mukafa... mukafuna chilichonse ndilipo."

Ndikulumbira ndi ludzu limenelo, pakamwa panali gwa chifukwa thobwa sanandipatse. Koma VN yanga yomwe ija inali itawaphunzitsa kale kuti lilime likaterereka ndiye chilungamo chatuluka. Malume anangotambasula manja kuonetsa anthu, osanena kanthu.

Kenako anaitana mwini nkhani. Mlongo wanga anabwera akutafuna nzimbe, anamufunsa chifukwa chimene anaikiramo ng'ona. Anati aphunzitsi anati nkhani izikhala ndi poopsa, ndiye poyamba amafuna mvuu koma sanadziwe ngati imalembedwa ndi u mmodzi kapena awiri. Bwalo lonse linapuma, akuti mwana alibe mlandu. Inetu mpaka lero ndikuti yankho limenelo Freud akanalikana, munthu akafika pafupi ndi choonadi amathawira ku zifukwa zazing'ono ngati zimenezo, ndipo bwanji pa anthu onse a m'bwato ng'ona inasankha malume? Bwanji mbuzi ya m'nkhanimo ili ndi banga loyera pamphumi chimodzimodzi ija ya kwathu? Palibe anafunsa zimenezo. Ndalama ya mbuzinso palibe anaitchula, ndipo ine amene ndinaitchula ndi amene ndinalipa tambala.

Malume anasiya kukasamba kumtsinje, akusambira m'ndowa kuseri kwa nyumba, ndipo ndikakhala pa holide madzi ake ndimakatunga ndine ku mjigo, pa mzere ndi azimayi. Amayi ayambanso kunditchula iwe koma nsima akumatuma mlongo wanga kudzandipatsa.

Asayimenti ija ndinapeza 58. Alekichala analemba ndi cholembera chofiira kuti zikuoneka Malinowski ndangomumva kwa anthu sindinamuwerenge, komanso kankhaniko n'kakafupi kwambiri.