Momwe tinayambira kulemba mapulogalamu a geni ya nsomba ku Mangochi

Kampani yathu ndi ya anthu atatu, m'chipinda cha lendi pa Boma, kufupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Timalemba mapulogalamu osungira maakaunti a anthu a geni ya nsomba, magulu a banki m'khonde, ndi malo angapo ogona alendo a ku Monkey Bay ndi Cape Maclear. Tinayamba ndi kukonza makompyuta ndi kutayipira anthu makalata ofunsira ntchito, ndipo mpaka pano printa ndiyo imatilipirira lendi kumapeto kwa chaka nyanja akaitseka.

Ine ndinachita computer science ku Chancellor College ku Zomba. Nditabwerera kuno, amalume sanabise mawu: "Digiri yonseyi, mphwanga, kudzatayipa makalata?" Funso lawo linali ndi mutu, chifukwa zida zambiri zimene tinkagwiritsa ntchito m'kalasi zinatha fasho. Mapulogalamu a Android amene tikudyera lero ndinaphunzira ndekha usiku. Koma maphunziro amene tinkawatopa nawo kwambiri, a kasanjidwe ka database (nkhokwe imene pulogalamu imasungamo zonse zolembedwa) ndi ma algorithm (ndondomeko zimene kompyuta imatsata pogwira ntchito), ndi amene akugwirabe ntchito tsiku ndi tsiku.

Kasitomala wathu woyamba weniweni anali mayi wina wogula usipa ku Makanjira. Amakongoza asodzi ndalama ya mafuta a injini, iwo n'kubweza ndi ndowa za usipa, iye n'kuyanika pa thandala, n'kutumiza matumba ku Limbe komwe mwana wake amagulitsa. Onse awiri amalemba pa foni zawo. Vuto ndi loti kugombe netiweki imabwera n'kupita. Mayi akalemba kuti msodzi wabweza ndowa zinayi, mwana ku Limbe n'kulemba kuti wamutumizira msodzi yemweyo ndalama pa Mpamba, mafoni awiriwo akadzalumikizana madzulo, ngongole yoona ndi iti?

Munthu wongodziwa kulemba khodi (malangizo opangira pulogalamu) amasunga nambala imodzi ya ngongole, foni imene yalumikizana pomaliza n'kufufuta za inzake. Ndalama zimasowa choncho, ndipo pachibale pamabuka mkangano. Ife sitisunga ngongole ngati nambala imodzi ayi. Chilichonse chochitika chimalembedwa pa mzere wakewake, ndi nambala yake yosafanana ndi ina iliyonse, nthawi yake, ndi foni imene yalemba. Palibe mzere umene umafufutidwa. Wolakwika umakonzedwa polemba wina woubweza. Ngongole imawerengedwa pophatikiza mizere yonse. Uthenga ukafika kawiri chifukwa netiweki inaduka pakati, pulogalamu imazindikira nambala ija n'kutaya wachiwiriwo. Zimenezi sindinazipeke ine. Ndi za m'kalasi ya database, zimene tinkaloweza kuti tikhoze mayeso basi.

Mu January 2022 namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, kuzima kwa magetsi kunakhala kwa tsiku lililonse, koma makasitomala athu ankalembabe, mafoni n'kudzagwirizana magetsi ndi netiweki zikabwera. Mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, mitengo ya mafuta ndi ya ndowa inasintha msanga. Popeza mtengo uliwonse timausunga ndi tsiku lake, ngongole zakale sizinakwere mwangozi. Mayi uja anaimba foni kudzafunsa chimodzi chokha: "Mwananga, za mwezi watha zikhala pamtengo wakale eti?" Zinali kale choncho.

Masiku ano achinyamata amabwera kudzafuna ntchito atanyamula pulogalamu yooneka bwino zedi, yolembedwa ndi ChatGPT, chida cha pa intaneti chimene chimakulembera zimene wachiuza. Sindidana nazo, nanenso ndimagwiritsa ntchito. Kungoti ndikatsegula database yake n'kupeza dzina la kasitomala lasungidwa malo atatu osiyana, ndimafunsa kuti likasintha akonza pati. Amene anadutsa ku MUBAS, MUST kapena Mzuni kawirikawiri amaseka asanayankhe, chifukwa akudziwa kale pamene pagona vuto. Ena amati pulogalamuyo ikugwira ntchito, ndiye vuto n'chiyani.

Pano tikulimbana ndi asodzi eniake. Ambiri ali ndi timafoni ta mabatani, ndipo akufuna kuona ngongole yawo osadikira kuti bwana awawerengere. Tikuyesa njira ya SMS: msodzi atumize nambala ya bwato lake, alandire mizere isanu yomaliza. Chikutichedwetsa ndi mtengo wa uthenga uliwonse, poti sitinagwirizane kuti alipire ndani, msodzi kapena wa geni.