Mizere ya pa mapu ndinaiona koma sindinaiwerenge

Ndabwerako. Masiku 6 ndakhala ndikuyenda wapansi m'mapiri, m'tchire la zitsamba zokola miyendo, chikwama chili kumsana, ndipo zidendene zikadali ndi matuza. Ndilembe zimene ndaphunzira ndisanaziiwale, makamaka za mapu.

Tisananyamuke ndinatha milungu ingapo ndikuphunzira mapu a sikelo ya 1:50,000. Ndinaloweza kuti masentimita 2 papepala ndi kilomita imodzi pansi, ndiponso kuti mizere yokhotakhota yosonyeza kukwera kwa malo ikathithikana ndiye kuti pamenepo pali chitunda choima njo. Mumtima ndinkati basi ndadziwa. Tsiku lachiwiri ndinayeza njira ndi kachingwe, ndinapeza makilomita 14, n'kuuza anzanga kuti maola atatu tikhala tafika. Tinayenda maola 8. Pofika pogona, miyendo inali njenjenje, madzi atatha kalekale.

Usiku umenewo mnzathu amene anazolowera maulendo otere anayala mapu pamwala, n'kuunikira ndi tochi. Anandiuza za lamulo la William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, la mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezerapo ola lina pa mamita 600 aliwonse amene wakwera. Tinawerenga mizere ija umodziumodzi, nsonga ya udzu ikulozera, ndipo tinapeza kuti tinakwera mamita pafupifupi 1,200. Maola awiri athunthu anabisala m'mizere imene ine ndinangoidutsa ndi maso. Ndiyenso lamulolo siliwerengera kupuma, katundu wolemera, kapena tchire lomwe umachita kupatula ndi manja kuti udutse. Zimenezo umawonjezera wekha malinga ndi thupi lako.

Kuyambira pamenepo mapu ndinayamba kuwafunsa zina. Madzi tikatunga pati? Lita imodzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho kusenza ochuluka n'kudzilanga, koma mzere wabuluu wa pa mapu sulonjeza kuti mtsinje ukuyenda nyengo ino. Mitsinje iwiri tinaipeza youma gwa. Ndinamvetsanso chifukwa chake juzi yochindikala siisiyidwa ngakhale kumunsi kukutentha: ukakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, ndipo mphepo ya pamwamba ikakupeza uli ndi thukuta imalowa mpaka m'mafupa.

Tsiku lomaliza linali lotsika lokhalokha. Ndinkaliyembekezera ngati mpumulo, koma mawondo ndi amene anasenza zonse, zala zikugunda kutsogolo kwa nsapato pa sitepe iliyonse. M'mawa mwa tsikulo anzanga anandipatsa mapu kuti ndiwerengere ndekha. Ndinawerenga mizere yonse, ndinawonjezera nthawi ya tchire ndi yopuma, n'kunena kuti tituluka cha m'ma 2 koloko masana. Titaponda msewu ndinayang'ana wotchi, inali 2:20. Ndinakhala pansi pomwepo, n'kumasula nsapato.